Achikulire ndi Laibulale: Mafunso a Owerenga ndi Mayankho Ake

Makalata ambiri amene tsamba lino lalandira m'miyezi yapitayi akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiyo ya malo amene munthu wachikulire ali nawo mu laibulale ya anthu onse. Ena alemba okha, ena alemberedwa ndi ana kapena adzukulu awo, ndipo kalata imodzi yachokera kwa munthu amene amagwira ntchito mu laibulale momwemo. Ndasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo ena ndawafupikitsa pofuna kuti mayankho apeze malo okwanira.

FUNSO: Ndinapuma pantchito ya uphunzitsi zaka zingapo zapitazo, ndipo tsopano ndili ndi zaka 67. Mkazi wanga anatisiya chaka chatha, ana onse ali kutali ndi mabanja awo, moti tsiku limatha ndisanayankhule ndi munthu kupatula moni wa panjira. Mwana wanga wamkazi akundiumiriza kuti ndizipita ku laibulale, koma tsiku limene ndinasuzumirako ndinapeza mwadzaza ana a sukulu okonzekera mayeso, ndipo ndinadziona ngati ndalowa m'nyumba ya eni. Kodi munthu wa msinkhu wanga akafunako chiyani? — Mphunzitsi wopuma pantchito

YANKHO: Aphunzitsi, ndiyambe ndi kukupepesani pa imfa ya mayi a kunyumba. Kusungulumwa kumene mukunenaku si nkhani yaing'ono, ndipo mwana wanu waona patali pokulozerani njira imeneyi.

Nyumba imene munasuzumiramo ija si ya eni, ndi yanu yomwe, ndipo sindikunena zimenezi pongofuna kukulimbitsani mtima. Mu 1949 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linatulutsa chikalata chofotokoza cholinga cha malaibulale a anthu onse, chimene chakhala chikukonzedwanso mothandizana ndi IFLA, bungwe la malaibulale a padziko lonse, mu 1972, mu 1994 ndi mu 2022. Chikalata cha mu 1994 chimati laibulale iyenera kutumikira anthu onse mofanana, ndipo pa zinthu zimene siziyenera kutsekereza munthu pakhomo, monga mtundu, chipembedzo, chinenero kapena kapezedwe kake, choyambirira kutchulidwa ndi msinkhu.

Nanga n'chifukwa chiyani munapezamo ana a sukulu okhaokha? Laibulale imaumbika potengera anthu amene amalowamo. Ophunzira amabwera mwaunyinji chifukwa mayeso amawakankha, ndipo woyang'anira laibulale akaona kuti mipando yadzaza ndi iwowo, ndalama zochepa zimene wapatsidwa amagulira mabuku a mayeso. Achikulire akasuzumira n'kubwerera, monga munachitira inuyo, palibe chimene chimalembedwa m'kaundula chosonyeza kuti anafikako, choncho chaka chotsatira amaiwalikanso. Komatu chiwerengero cha achikulire chikukwera kulikonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti pofika 2030 munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse adzakhala wa zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo pofika 2050 anthu a msinkhu umenewu adzakwana 2.1 biliyoni. Malaibulale ambiri anazindikira zimenezi ndipo anayamba kukonza zochitika za achikulire, monga magulu amene amawerenga buku limodzi n'kudzakambirana, misonkhano imene adokotala kapena odziwa malamulo amafotokoza za umoyo, penshoni ndi kalembedwe ka wilo, maphunziro a kompyuta, magulu olemba mbiri ya moyo wawo, ntchito za manja, ngakhalenso masewera olimbitsa thupi ochitira pampando. Si laibulale iliyonse imene ili ndi zonsezi, ndipo zina zilibe ngakhale chimodzi, koma nyuzipepala, mpando ndi anthu mudzazipeza paliponse.

Anthuwo ndiwo ndikufuna kuti muwaganizire kwambiri. Madokotala anapeza kuti kukhala kwawekha nthawi yaitali kumawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima, sitiroko, kukhumudwa kwambiri ndi kuiwalaiwala, moti mu 2018 boma la Britain linasankha nduna yoti iziyang'anira nkhani ya kusungulumwa, ndipo mu 2023 WHO inakhazikitsa komiti yapadera pa nkhani yomweyi. Akale anati kalikokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Laibulale ndi amodzi mwa malo ochepa amene munthu angakhalemo maola atatu osagula kanthu, osafunsidwa chimene wadzera, komanso osaoneka ngati akusowetsa mtendere eni nyumba.

Langizo langa ndi lakuti mupite m'mawa, nthawi imene ana ali m'kalasi, mukalembetse dzina lanu kuti mukhale membala, ndipo mukadziwitse woyang'anira kuti ndinu mphunzitsi wopuma pantchito amene mukufuna kudziwa zochitika za akuluakulu. Mukatero musankhe tsiku limodzi pa sabata limene muzipitako mosadumphitsa, pakuti chinansi cha m'malo otere chimamera pang'onopang'ono, poyamba kugwedezerana mutu ndi munthu amene amakonda nyuzipepala imene inunso mumaikonda, kenako moni, kenako macheza. Ana amene munawaona aja tsiku lina adzafuna thandizo lanu, ndipo ndikukhulupirira kuti mudzasangalala kuwathandiza, koma poyamba pitani chifukwa cha inu mwini.

FUNSO: Mayi anga ali ndi zaka 74 ndipo moyo wawo wonse akhala okonda kuwerenga, koma kwa chaka tsopano akudandaula kuti zilembo zikuoneka ngati zakutidwa ndi nkhungu. Asiyiratu kugwira buku, ndipo ndikuona kuti alibenso chimwemwe. Miyendo nayonso ikuwavuta, moti ulendo wa ku laibulale sangauthe. Kodi pali chimene laibulale ingawachitire? — Mwana wawo wamkazi wachisamba

YANKHO: Achemwali, musanaganize za laibulale, yambani mwapita nawo kwa dokotala wa maso. Munthu akadutsa zaka 40, maso amayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi, ndipo vuto limenelo limatha ndi magalasi owerengera. Koma kuona ngati pali nkhungu kawirikawiri ndi chizindikiro cha ng'ala, imene ndi matenda ochititsa khungu anthu ambiri padziko lonse, chonsecho opaleshoni yake ndi yaifupi ndipo ambiri amayambanso kuona bwino. Palinso matenda ena, monga glaucoma ndi kuwonongeka kwa maso kobwera ndi shuga, amene amadya diso mwakachetechete ndipo chimene awononga sichibwerera. N'zomvetsa chisoni kuti achikulire ambiri amangovomereza kuti ndi ukalamba, n'kutseka buku kwa zaka, pamene chithandizo chinalipo.

Ngati adokotala achita mbali yawo koma kuwerenga kukuvutabe, laibulale ili ndi njira zingapo. Yoyamba ndi mabuku a zilembo zazikulu. Mabuku wamba amasindikizidwa ndi zilembo za saizi 10 mpaka 12, pamene awa amayambira pa 16, mizere yake ndi yotalikirana ndipo pepala lake silinyezimira. Amene anawatchukitsa ndi Frederick Thorpe wa ku England, yemwe mu 1964 anayambitsa kampani ya Ulverscroft ndi cholinga chothandiza achikulire amene maso awo afooka, ndipo makasitomala ake aakulu anali malaibulale. Njira yachiwiri ndi mabuku omvetsera, amene munthu wina anawerenga mokweza n'kujambulidwa mawu. Ameneŵa si atsopano ayi. Ku United States, lamulo la mu 1931 linapatsa Library of Congress, laibulale yaikulu ya dzikolo, udindo wofikitsa mabuku kwa akhungu, ndipo mu 1934 anayamba kubwereketsa mabuku ojambulidwa pa mbale za galamafoni. Ku Britain ntchito yotere inayamba mu 1935, makamaka pofuna kuthandiza asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Masiku amenewo buku limodzi linkadzaza mbale zambirimbiri, koma lero mabuku ochuluka amakwana mu foni imodzi.

Chimene chinkatsekereza ntchitoyi kwa nthawi yaitali ndi malamulo oteteza eni mabuku, amene sankalola kuti buku lisinthidwe popanda chilolezo. Pangano la ku Marrakesh, limene linavomerezedwa ku Morocco mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2016, limalola mabungwe ovomerezeka, kuphatikizapo malaibulale a m'mayiko amene analowa m'panganoli, kusandutsa buku kukhala lomvetsera, la zilembo zazikulu kapena la Braille (zilembo zimene akhungu amawerenga pokhudza ndi zala), ndi kutumizirana mabukuwo kudutsa malire a mayiko. Pangano limeneli silikhudza akhungu okha, komanso aliyense amene sangathe kugwira buku kapena kutembenuza masamba chifukwa cha kulumala.

Pa nkhani ya miyendo, funsani ngati laibulale yanu imafikitsa mabuku kunyumba kwa odwala ndi okalamba, chifukwa malaibulale ambiri amachita zimenezi kudzera mwa anthu odzipereka kapena galimoto yoyenda ndi mabuku. Nzeru imeneyi ndi yakale, pakuti mu 1905 Mary Titcomb, woyang'anira laibulale ku Maryland m'dziko la United States, anayamba kutumiza mabuku kumidzi pa ngolo yokokedwa ndi akavalo, ndipo m'zaka za m'ma 1990 dziko la Kenya linayamba kunyamulira mabuku pa ngamira m'dera la Garissa. Ngati kwanuko kulibe dongosolo lotere, pemphani kuti akuloleni kubwereka m'malo mwa mayi anu. Chimodzi chokha ndikupempheni: musawasankhire. Afunseni okha chimene akufuna kuwerenga, chifukwa munthu amene wawerenga moyo wake wonse amadziwa chimene mtima wake umakonda, ndipo akalandidwa ufulu wosankha amamva ngati walandidwanso maso kachiwiri.

FUNSO: Mdzukulu wanga anandigulira foni yamakono, koma ndimangoigwiritsa ntchito poyankha akandiimbira. Ana anga akamandiphunzitsa amafulumira kwambiri, ndipo ndikafunsa kachiwiri amaoneka kuti atopa nane. Ndikuchitanso mantha chifukwa mnzanga anaberedwa ndalama ndi munthu amene anamuimbira akunamizira kuti ndi wa ku banki. Ndamva kuti ku laibulale amaphunzitsa zimenezi. Kodi n'zoona, ndipo sindikachitako manyazi? — Gogo wa zaka 70

YANKHO: Agogo, n'zoona, ndipo maphunziro a foni ndi kompyuta ndi amene achikulire amawafuna kwambiri m'malaibulale ambiri, choncho amene mukawapeze kumeneko ndi anzanu a mafunso ofanana ndi anu. Ana anu musawaimbe mlandu kwambiri. Iwo anakula ndi zipangizozi, zala zawo zimathamanga kuposa pakamwa pawo, ndipo kawirikawiri amalanda foni n'kuchita okha chimene anayenera kukusonyezani. Mphunzitsi wabwino wa achikulire saigwira n'komwe foni ya wophunzira, amangoloza ndi kudikira kuti mwini wake adine yekha, ngakhale zitenge kasanu.

Popita mutenge foni yanu yomweyo, magalasi anu ndi kope limene muzilembamo njira iliyonse m'mawu anuanu. Tsiku loyamba mupemphe kuti akusonyezeni kakulitsidwe ka zilembo ndi katumizidwe ka uthenga wa mawu, popeza ziwirizi zimapeputsa zina zonse. Musalole kuphunzira zinthu khumi tsiku limodzi. Chimodzi chimene mwachigwiritsa bwino chikukwanirani.

Mantha anu pa nkhani ya akuba ndi oyenera, koma mankhwala ake si kuisunga foni m'chikwama. Banki yoona sidzakufunsani nambala yanu yachinsinsi, kapena manambala amene yakutumizirani pa uthenga, kaya pafoni kaya pa intaneti. Wakuba amagwiritsa ntchito phuma, amakuuzani kuti akaunti yanu itsekedwa lero lomwe, kapena kuti mwawina mphoto pa mpikisano umene simunalowe, kapena kuti mdzukulu wanu ali pamavuto ndipo ndalama zikufunika msangamsanga. Mukamva zotere dulani foni, ndipo muimbire nokha munthuyo kapena bankiyo pa nambala imene mukuidziwa kale. Lamulo lomweli ligwirenso ntchito mu laibulale momwemo: amene akukuphunzitsani sayenera kudziwa nambala yanu yachinsinsi, ndipo mukagwiritsa ntchito kompyuta ya anthu onse, musanyamuke musanatulukemo mu akaunti yanu.

FUNSO: Bambo anga ayamba kuiwalaiwala kwambiri. Amafunsa funso limodzi kambirimbiri, ndipo buku limene ayamba dzulo lero salikumbuka, koma chodabwitsa n'chakuti ndakatulo zimene analoweza ali mwana amazinena zonse osaphonya. Ndikuopa kupita nawo pagulu chifukwa mwina angasokoneze anthu. Kodi laibulale ingawalandire? — Mwana wosamalira bambo ake

YANKHO: Achimwene, ngati simunapite nawo kuchipatala, chonde teroni, chifukwa kusokonezeka maganizo kwina kumabwera ndi matenda ochizika kapena ndi mankhwala amene munthu akumwa. Ngati adokotala apeza kuti ndi matenda a kuiwalaiwala amene amatchedwa dementia, dziwani kuti si misala, si chilango, ndiponso si mbali ya ukalamba imene aliyense ayenera kudutsamo. Ndi matenda a ubongo amene agwira anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse, ndipo ambiri mwa iwo, pakati pa 60 ndi 70 pa 100 alionse, ali ndi mtundu wotchedwa Alzheimer. Laibulale singawachize, ndipo aliyense wokulonjezani zimenezo akukunamizani. Chimene ingachite ndi kuwapatsa maola abwino, ndipo maola abwino kwa wodwala wotere ndi chuma.

Zimene mwaona pa ndakatulo zija zili ndi chifukwa chake. Matenda a Alzheimer amayamba kuwononga mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zatsopano, pamene zakale, makamaka nyimbo ndi mawu oloweza, zimakhalitsa. N'chifukwa chake buku lalitali la nkhani yolukanalukana limawatopetsa, koma ndakatulo yaifupi, chithunzi chakale kapena tsamba la nyuzipepala ya m'nthawi ya unyamata wawo zimatsegula pakamwa pawo. Malaibulale ena amabwereketsa mabokosi okhala ndi zithunzi ndi tizipangizo takale kuti mabanja azichezera, ndipo ena ali ndi magulu owerengera limodzi mokweza, njira imene bungwe la The Reader la mumzinda wa Liverpool linaifalitsa kwambiri, momwe palibe amene amafunika kuti awerengeretu kapena kukumbukira za sabata yatha. Palinso macheza a odwala pamodzi ndi owasamalira, amene anayambitsidwa ndi katswiri wa zamaganizo Bère Miesen ku Leiden, m'dziko la Netherlands, mu 1997, ndipo lero amachitikira m'malaibulale a m'mayiko ambiri.

Mukamawerenga nawo, pewani kuwafunsa kuti, "Kodi mukukumbuka?" Funso limeneli kwa iwo lili ngati mayeso amene akudziwa kuti alephera, ndipo limabweretsa manyazi kapena ukali. Ndi bwino kungonena chimene inu mukuona pa chithunzicho n'kudikira, ndipo akalakwitsa chaka kapena dzina musawakonze. Musanapite nawo, kaonaneni ndi woyang'anira kuti mugwirizane nthawi imene mulibe phokoso ndi malo oyandikana ndi khomo, ndipo ulendo woyamba ukhale waufupi. Inunso, achimwene, mukufunika anthu amene akusenza mtolo wonga wanu, ndipo m'magulu amenewa ndi mmene mudzawapeze.

FUNSO: Ndimayang'anira laibulale yaing'ono imene ilibe ndalama zochitira zinthu zapadera. Mwezi watha ndinakonza tsiku la okalamba, ndinakhoma chidziwitso pakhomo, koma kunabwera anthu atatu okha, ndipo sabata yotsatira sikunabwere aliyense. Ndalakwitsa pati? — Woyang'anira laibulale

YANKHO: Mnzanga pantchito ya mabuku, kalata yanu ndi imene yandikhudza kwambiri mwa onsewa, chifukwa mwayesa pamene ambiri sayesa n'komwe. Ndikuganiza kuti cholakwika chachikulu chinachitika tsikulo lisanafike: munawakonzera achikulire chinthu musanawafunse. Chidziwitso chokhomedwa pakhomo la laibulale chimawerengedwa ndi anthu amene amabwera kale, pamene amene mukuwafuna ali kunyumba, kuchipatala, kumalo opembedzera kapena pamzere wolandirira penshoni. Pitani kumeneko, mukhale nawo pansi, muwafunse chimene akufuna kudziwa ndi chimene angathe kuphunzitsa ena. Ndiponso anthu atatu aja muwafunefune, muwafunse mosabisa chimene sichinawasangalatse, chifukwa yankho la funso lanu lili ndi iwowo kuposa ine.

Ganiziraninso dzina limene munapatsa tsikulo. Munthu wa zaka 62 amene wangopuma kumene pantchito sadziona ngati wokalamba, ndipo zofuna zake n'zosiyana kwambiri ndi za munthu wa zaka 85, amene angathe kukhala kholo lake. Chochitika chikatchulidwa ndi zimene zikachitikemo, monga gulu lolemba mbiri ya banja kapena phunziro la kagwiritsidwe ntchito ka foni, anthu amabwera chifukwa cha chidwi, osati chifukwa chovomereza kuti akalamba.

Zambiri zimene zimabweza achikulire pakhomo sizifuna ndalama kuti zikonzeke. Nthawi ikhale ya masana kuti abwerere kukadali kowala. Mipando ikhale yolimba, ndipo ngati n'kotheka yokhala ndi potsamira manja, popeza kudzuka pampando wotsika ndi ntchito yaikulu kwa munthu wa maondo opweteka. Chimbudzi chikhale chotsegula ndi chofikirika, ndipo musapeputse mfundo imeneyi, chifukwa ambiri amene sabwereranso sanena kuti chinawabweza ndi chimenechi. Kumbukiraninso makutu. WHO ikuti mwa anthu opitirira zaka 60, oposa mmodzi mwa anayi alionse ali ndi vuto lalikulu la kumva, choncho anthu akhale mozungulira kuti azionana pakamwa, aziyankhula mmodzimmodzi, ndipo wailesi kapena chilichonse chosokosera chizimitsidwe. Pamwamba pa zonsezi, tsiku ndi nthawi zisamasinthesinthe, ngakhale kubwere munthu mmodzi yekha, chifukwa gulu limakula pamene anthu atsimikiza kuti akapita akakupezani.

Koma chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi kaonedwe kathu ka achikulire. Ndinakhalapo pa chochitika china mu laibulale ina pamene mlendo woitanidwa ankayankhula ndi akuluakulu ngati ana a mkaka, kuwaombetsa m'manja pa chilichonse ndi kuwayamikira chifukwa chongotha kulemba mayina awo. Mayi wina amene anagwira ntchito ya uzamba kwa zaka zambiri ananyamuka mwaulemu n'kutuluka, ndipo sanabwerenso. Sindinaiwale nkhope yawo. M'chipinda chimenecho munali anthu odziwa kubereketsa, kumanga nyumba, kuweruza milandu ndi kulera ana, koma palibe amene anawafunsa kanthu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo laibulale imene imawaona ngati olandira chithandizo basi ikudzimana chuma chimene sichili pa shelefu iliyonse. Mu 1973 Pierre Vellas anayambitsa maphunziro a achikulire pa yunivesite ya ku Toulouse ku France, amene amadziwika ndi dzina lakuti University of the Third Age. Nzeruyi itafika ku Britain mu 1982 inasintha maonekedwe, moti kumeneko mamembala amaphunzitsana okhaokha, amene akuphunzitsa lero mawa ndi wophunzira. Dongosolo limeneli ndi loyenera laibulale yosauka ngati yanu, chifukwa chimene inu mungapereke ndi chipinda ndi nthawi, aphunzitsi alipo kale.

Ntchito ina imene mungayambe ndi foni yokha ndi yojambula mbiri za anthu. Bungwe la StoryCorps, limene Dave Isay anayambitsa ku New York mu 2003, limakhazika pansi anthu awiri odziwana, monga gogo ndi mdzukulu wake, kuti acheze kwa mphindi 40, ndipo mawuwo amasungidwa ku Library of Congress. Inunso mungaphunzitse ana a sukulu amene amadzaza laibulale yanu kafunsidwe ka mafunso, n'kuwalumikiza ndi achikulire, ndipo potero mibadwo iwiri imene imangodutsana pakhomo idzayamba kudziwana. Onetsetsani kuti wojambulidwayo wavomera momveka bwino, wauzidwa amene adzamvere mawu akewo, ali ndi ufulu woletsa mbali ina, ndipo banja lake lapatsidwa kope lake. Lembani dzina, tsiku ndi malo pa chojambulidwa chilichonse, ndi kuchisunga m'malo awiri osiyana. Ngati mukufuna tsiku loyambira, pa 1 Okutobala ndi tsiku loganizira achikulire padziko lonse, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1990, ndipo ndi nthawi imene akuluakulu a maofesi amamva msanga pempho lokhudza nkhaniyi.

FUNSO: Kalatayi akundilembera ndi mdzukulu wanga chifukwa ine sindinapite kusukulu. Ndili ndi zaka pafupifupi 72. Ndimamva anzanga akukamba za ku laibulale, ndipo ndimasirira, koma ndimadzifunsa kuti munthu wosadziwa kuwerenga akatani m'nyumba ya mabuku. Chimene ndimalakalaka ndisanamwalire n'chakuti ndidzalembe ndekha dzina langa m'malo modinda chala. Kodi nthawi inanditayika? — Gogo wofuna kudziwa

YANKHO: Agogo, nthawi sinakutayikeni, ndipo simuli nokha. Padziko lonse pali akuluakulu oposa 700 miliyoni amene sadziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi amayi, ambiri mwa iwo chifukwa ali atsikana sanapatsidwe mwayi umene alongo awo anapatsidwa. Si inu amene munalephera sukulu, koma sukulu ndi imene sinakufikeni.

Kuthandiza anthu kuphunzira kulemba ndi kuwerenga ndi imodzi mwa ntchito zimene chikalata cha UNESCO chija chimapereka kwa laibulale, choncho malaibulale ambiri ali ndi makalasi a akuluakulu kapena amadziwa kumene makalasiwo amachitikira. Munthu wamkulu amaphunzira mwapang'onopang'ono poyerekeza ndi mwana, ndipo zala zimene sizinazolowere pensulo zimayamba zauma, koma ali ndi mwayi umene mwana alibe, pakuti mawu onse amawadziwa kale ndi matanthauzo ake, chimene chatsala ndi kuzindikira maonekedwe ake papepala. Yambani mwapimitsa maso, ndipo pemphani kuti akuphunzitseni m'chinenero chimene mumayankhula kunyumba. Pamene mukuphunzira, musadikire kuti mudziwe kaye kuwerenga kuti muyambe kulowa nawo m'magulu, chifukwa kumene buku likuwerengedwa mokweza womvetsera ali ndi ufulu wopereka maganizo mofanana ndi wowerenga, ndipo pamene akujambula mbiri zakale inu ndi amene mudzakhale pampando wa mphunzitsi.

Tsiku loyamba mupite ndi mdzukulu wanu amene wakulemberani kalatayi, mukapemphe kuti akulembeni m'kaundula wa mamembala. Akakupatsani khadi lanu mukaliyang'anitsitse, chifukwa zilembo zimene zidzakhalepo ndi za dzina lanu, ndipo mukawauze aphunzitsi kuti mukufuna kuyambira pa zimenezo.